Vinyo wa ku Cape watchipa mopitirira, ndipo ikulipira ndi mipesa yakale

Mu February, ife kuno chimanga chikumasula ndipo mvula ili pakati, ku Swartland, kumpoto kwa Cape Town, kumakhala kouma gwa. Tirigu anakolola kalekale, minda ili mbee, ndipo masiku ena kutentha kumapyola madigiri 40. Chobiriwira chokha m'mphepete mwa mapiri a Paardeberg ndi Kasteelberg ndi mipesa yaifupi, yosafika ndi m'chiuno momwe, yopanda waya woyangapo, yopanda paipi yothirira. Yambiri ndi ya mtundu wa Chenin blanc, yobzalidwa zaka 40 kapena 50 zapitazo. Hekitala imodzi ya mipesa yotere imabereka matani atatu kapena anayi. Munda wothirira wa ku Vredendal kapena m'mbali mwa mtsinje wa Orange umatha kupereka matani 25, nthawi zina kuposa apo. Mlimi akamalipidwa pa tani, masamu ake safuna sukulu. Kuti wa matani atatu afanane ndi wa matani 25, tani yake iyenera kugulidwa pafupifupi kasanu ndi katatu kuposa ya mnzake. Ogula ochepa okha ndi amene amalipira choncho, ndiye thirakitala imalowa m'munda, zitsa zimaunjikidwa n'kukhala nkhuni zowotchera nyama.

Mfundo yanga ndi iyi. Vinyo wa ku South Africa ndi wotchipa kuposa mmene ayenera kukhalira, ndipo kutchipako si mwayi umene ife ogula tangoutola panjira. Kunamangidwa ndi mbiri ya zaka zoposa 360, ndipo amene amakulipira ndi wantchito wa pafamu, mlimi, ndi mipesa yakale imene ili chuma chenicheni cha dzikolo pa nkhani ya vinyo.

Chiyambi chake n'chodziwika. Jan van Riebeeck anafika ku Cape mu 1652, atatumidwa ndi kampani ya Adatchi yochita malonda ndi maiko a kum'mawa, kuti akhazikitse poima zombo. Mipesa anabzala mu 1655, ndipo pa 2 February 1659 analemba m'buku lake kuti tsiku limenelo afinya vinyo woyamba wa mphesa za ku Cape. Simon van der Stel anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679 ndi famu ya Constantia mu 1685. Kuyambira 1688 kunabwera Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo, amene chigwa chawo lero chimatchedwa Franschhoek. Banja la Cloete litagula Groot Constantia mu 1778, vinyo wotsekemera wa kumeneko anatchuka mpaka m'nyumba za mafumu a ku Ulaya, ndipo Napoleon ankamumwa ali mu ukaidi pa chilumba cha St Helena. Izi ndi zimene alendo amauzidwa akamayendera mafamu, atakhala pansi pa mitengo ikuluikulu kutsogolo kwa nyumba zoyera.

Chimene sichinenedwa mokweza n'chakuti Constantia anali kadontho chabe. Vinyo wochuluka wa ku Cape anali woipa, ndipo amalinyero omwe ankadandaula naye. Ankapindulitsa chifukwa olima sankalipidwa. Akapolo oyamba ambiri anafika mu 1658, ndipo m'zaka zotsatira anatengedwa ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi Mozambique. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, anthu n'kumasulidwa kwenikweni mu 1838, koma m'malo mwake munakhazikika dongosolo lotchedwa dop: gawo la malipiro linali vinyo, wopatsidwa m'chitini kangapo pa tsiku, kuyambira m'mawa. Amene anamva za thangata ku Mulanje ndi Thyolo, kapena za matenanti a m'maesiteti a fodya, sasowa womutanthauzira. Wantchito woledzera sachoka pafamu, ndipo mwini famu wapeza potayira vinyo amene palibe akanamugula. Lamulo linaletsa dop cha m'ma 1960, koma m'mafamu ena anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Zotsatira zake zikuyendabe ndi miyendo iwiri: madera ena a ulimi ku Western Cape ndi Northern Cape ali m'gulu la malo amene kafukufuku wapeza ana ochuluka kwambiri padziko lonse obadwa ndi vuto la mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera.

Msika nawo unaphunzitsa alimi chizolowezi choipa. Angerezi atalanda Cape, mu 1813 anatsitsa msonkho wa vinyo wa kumeneko wolowa ku Britain. Aliyense anabzala, ndipo cha m'ma 1820 mipesa yoposa 90 pa 100 iliyonse inali ya mtundu umodzi, Semillon, moti ankangoutcha mphesa ya vinyo basi. Mwayi wa msonkho uja unachepetsedwa mu 1825, n'kutheratu cha mu 1861 Britain itagwirizana ndi France. Kenako mu 1886 kunabuka phylloxera, kachilombo kofanana ndi nsabwe za m'masamba koma kokhala m'nthaka. Kamayamwa mizu, zilonda zake zimalowa zowoletsa, ndipo mpesa umafa m'zaka zochepa. Mankhwala ake mpaka lero ndi kumezanitsa: nthambi ya mpesa wa ku Ulaya pamwamba, chitsa cha mpesa wa ku America pansi, chifukwa mizu ya ku America imapirira. Ku Cape zitsa zofala ndi Richter 99, Richter 110, 101-14 ndi Ramsey. Kusankha chitsa si nkhani yaing'ono. Richter 110 amapirira chilala. Ramsey amakonda mchenga ndi madzi, amapirira tinyongolotsi ta m'nthaka todya mizu, ndipo amakankha mpesa kuti ubereke kwambiri, n'chifukwa chake amapezeka m'madera othirira.

Atabzalanso minda, makamaka ndi Cinsaut wobereka kwambiri, vinyo anasefukira ndipo mitengo inagwa. Mu 1918 alimi anapanga KWV, bungwe lawo lalikulu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa mapu a vinyo wa ku South Africa anajambulidwa ndi bungweli kuposa ndi dothi. Mu 1924 boma linalipatsa mphamvu yoika mtengo wotsikitsitsa wa vinyo wotchezera burande. Mu 1940 mphamvuyo inafika pa vinyo wakumwa. Mu 1957 kunabwera kota: famu iliyonse inali ndi malire a kuchuluka kwa zimene ingakolole, ndipo famu yopanda kota sinkaloledwa kupanga vinyo wogulitsa. Mlimi wa fodya wa ku Kasungu amadziwa kota, ndipo wa chimanga amakumbukira masiku amene mtengo unkachokera ku ADMARC. Zotere zimateteza mlimi ku njala, izi n'zoona. Koma onani chimene zinaphunzitsa. Mtengo ukakhala wotsimikizika pa tani, wanzeru amachulukitsa matani. Kota itamangiriridwa pa mafamu amene analipo kale, madera ozizira a kum'mwera, kumene mphesa zimapsa pang'onopang'ono, anakhala otsekedwa. Tim Hamilton Russell, amene anagula malo ku Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus mu 1975, analimbana ndi malamulo amenewa kwa zaka. Kulowetsa mbewu zatsopano kunali kovuta moti alimi ena ankazembetsa timitengo ta Chardonnay kuchokera ku Ulaya, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti tina tinali ta mtundu wina, Auxerrois. Kota inathetsedwa mu 1992, KWV n'kusanduka kampani wamba mu 1997.

Komabe dongosolo lomwelo ndi limene linasiya, mosafuna, chuma chimene ndikunenachi. Makopaletivi ankafuna Chenin wambiri wa burande ndi vinyo woyera wotchipa. Alimi ankamutcha Steen, ndipo munali mu 1963 pamene Pulofesa C.J. Orffer wa ku Stellenbosch anatsimikiza kuti Steen ndi Chenin blanc yemwe uja wa ku chigwa cha Loire ku France. M'zaka zomwezo njira yowiritsa vinyo mozizira inali itafika, ndipo vinyo woyera wotsekemerera wotchedwa Lieberstein, wotuluka mu 1959, anagulidwa mochuluka kuposa vinyo wina aliyense wa m'botolo padziko lonse pofika 1964. Chenin anabzalidwa paliponse, ngakhale m'mapiri ouma amene sakanabereka zambiri. Lero South Africa ili ndi Chenin wochuluka kuposa France, pafupifupi mpesa umodzi pa isanu kapena isanu ndi umodzi iliyonse m'dzikomo. Mphesa za minda yakale ija zinkangothiridwa m'thanki imodzi ndi za wina aliyense, popanda wodziwa kuti ina mwa mindayo ndi yapadera.

Tsopano mapu. Pafupifupi mipesa yonse ili ku Western Cape, kumene nyengo ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu: mvula imagwa m'miyezi yozizira, May mpaka August, ndipo dzinja lathu ndiye chilimwe chawo. Mipesa imagona mu June ndi July, imaduliridwa mu July ndi August, imaphukira mu September, imachita maluwa mu October ndi November, kukolola n'kuyamba chakumapeto kwa January mpaka March kapena April. Nyanja ya kumadzulo ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kum'mwera kwenikweni, ndipo m'chilimwe kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa, mbali yomwe umachokera mwera wa pa nyanja yathu. Amaitcha Cape Doctor, ndipo imaumitsa masamba n'kuchepetsa matenda a nkhungu. Koma ikaomba nthawi ya maluwa imathothola zipatso zisanagwire, ndipo imathyola nsonga zanthete.

Constantia ali kuseri kwa Table Mountain, moyang'ana False Bay, kozizira ndi kwa mvula yambiri. Kumeneko kumachita bwino Sauvignon blanc, komanso Muscat wa vinyo wotsekemera uja, amene famu ya Klein Constantia inamuukitsa ndi mphesa za 1986. Stellenbosch ndiye likulu: yunivesite, sukulu ya zaulimi ya Elsenburg, ndi mapiri a Simonsberg ndi Helderberg, kumene miyala yofumbutuka inasiya dothi lofiira langati katondo, losunga chinyezi koma losadikha madzi. Cabernet Sauvignon wa kumeneko ndi wabwinodi, sindikutsutsa. Paarl ndi Wellington n'kotentherapo, ndipo Wellington ndi kumene kuli nazale zambiri zomezanitsa mbande. Franschhoek ali ndi malo odyera ambiri kuposa mipesa yofunika, koma ali ndi Semillon wobzalidwa mu 1902. Kum'mwera, Elgin ndi dera lokwera la maapozi lokhala ndi nkhungu yangati chiperoni, ndipo pamodzi ndi Hemel-en-Aarde ndi Elim wa kufupi ndi Cape Agulhas ndi kumene kota itatha kunapita Chardonnay, Pinot noir ndi Sauvignon.

Mukawoloka mapiri kulowa m'chigwa cha Breede, ku Worcester, Breedekloof ndi Robertson, mvula imachepa kwambiri ndipo popanda madzi a mtsinje ndi damu la Brandvlei sipangakhale mpesa. Chimodzimodzi ku Olifants River, kumene ngalande zonyamula madzi a damu la Clanwilliam zimafika ku Vredendal ndi Lutzville, ndi ku Upington m'mbali mwa Orange. Alendo safika kawirikawiri kumeneku, koma ndi kumene kumachokera vinyo wochuluka wa dzikolo, kuphatikizapo wa m'mabokosi amene ali m'mashopu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Robertson ali ndi dothi la laimu lokomera Chardonnay, ndipo Calitzdorp wa ku Klein Karoo amadziwika ndi vinyo wofiira wotsekemera wa mphesa za Chipwitikizi.

Funso n'lakuti, kodi mpesa wakale wouma uja uli ndi chiyani chimene wothirira alibe? Si matsenga. Mpesa umayamba kubereka chaka chachitatu, umafika pachimake cha m'chaka chachisanu mpaka chakhumi ndi chisanu, ndipo alimi ambiri amazula ukafika zaka 20 kapena 25 chifukwa zokolola zayamba kutsika. Umene wapyola zaka 35 uli ndi mizu yozama ndi thunthu lalikulu losunga chakudya. Chaka cha chilala suthedwa nzeru msanga, chaka cha mvula suchita misala ya masamba. Mpesa wosayangitsidwa pa waya umaduliridwa kukhala ndi mikono itatu mpaka isanu, uliwonse n'kusiyidwa ndi kanthambi ka maso awiri. Masamba amagwera pansi ngati ambulera n'kuphimba zipatso. Izi n'zofunika chifukwa mphesa yowombedwa ndi dzuwa la madigiri 40 imapserera khungu ndipo vinyo wake amawawa. Zipatso zimakhala zazing'ono, madzi ochepa, khungu lochuluka, ndipo kukoma kumakhala m'khungumo.

Vuto lalikulu la dziko lotentha ndi asidi. Mphesa ikamapsa shuga amakwera, asidi amatsika, ndipo kukatentha asidi amatsika mothamanga. Ku South Africa shuga amayezedwa pa sikelo ya Balling, ndipo vinyo wosatsekemera amakololedwa kawirikawiri pakati pa 21 ndi 25. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita amapereka gawo limodzi pa 100 la mowa. Mukachedwa masiku anayi okha m'sabata yotentha, mupeza vinyo wa mowa 15 pa 100, wolemera, wopanda kuwawasa kulikonse, ndipo mudzafunika kuthira asidi wogula m'matumba. Chenin ali ndi mwayi woti amasunga asidi wake, ndipo wa mipesa yakale amafika pokoma shuga asanakwere kwambiri. Okolola amayamba kusanache, amaika mphesa m'mabokosi a makilogalamu 18 mpaka 20 kuti za pansi zisaphwanyike, ndipo opanga vinyo ambiri amazigoneka m'chipinda chozizira asanafinye. Madzi a mphesa otentha amayamba kuwira okha ndi tizilombo tosafunika, ndipo fungo la viniga likalowa silichoka. Tani imodzi imapereka malita pafupifupi 700, ndipo yofinyidwa mofatsa imapereka ochepera apo. Vinyo woyera wa m'thanki amawiritsidwa pa madigiri 12 mpaka 16. Wa m'migolo amaikidwa m'migolo yakale ya malita 225 kapena 500, chifukwa mgolo watsopano umaphimba kukoma kwa mphesa ndi fungo la mtengo. Makina okolola sangalowe m'munda wopanda waya. Zonse ndi manja, ndipo mfundo iyi tibwererako.

Pali mdani wina amene amachititsa kuti mipesa yakale ikhale yosowa: matenda opiringiza masamba, oyambitsidwa ndi vairasi yofalitsidwa ndi kachilombo ka mtundu wa kodikodi uja wa pa chinangwa. Mpesa wofiira wodwala masamba ake amafiira msanga, mitsempha n'kutsala yobiriwira, m'mphepete n'kupindikira pansi. Alendo amajambula zithunzi poyesa ndi kukongola kwa nyengo. Mpesa wotere umalephera kupsetsa zipatso: shuga wochepa, mtundu wotuwa, kukoma kwaudzu. Mlimi amadikirira, mphesa zina n'kufota zina zikadali zaziwisi, ndipo zimenezi zinathandiza kuipitsa mbiri ya vinyo wofiira wa ku Cape kwa zaka zambiri. Mankhwala ochiza palibe. Famu ya Vergelegen inaonetsa njira: kuzula mpesa uliwonse wodwala pamodzi ndi mizu, kubzala mbande zotsimikizika, kulimbana ndi kodikodi ndi nyerere zimene zimamuteteza, ndi kuyendera mzere uliwonse chaka ndi chaka. Mitundu yoyera ngati Chenin imabisa zizindikiro koma imapirira matendawa kuposa Cabernet, n'chifukwa china chimene minda yakale yambiri ili yoyera.

Za Pinotage ndinene mwachidule, poti ambiri amamuyesa mbendera ya dzikolo. Pulofesa Abraham Perold anakwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut mu 1925, ndipo dzinali linayamba kuoneka pa botolo la Lanzerac la mphesa za 1959. Mphesayi ndi yovuta. Imawira mothamanga, ndipo ikachokera ku mipesa yovutika ndi ludzu kapena kutentha kwa m'thanki kukapanda kuyang'aniridwa, imatulutsa fungo langati la mankhwala opaka zikhadabo. Ku famu ya Kanonkop amaiwiritsa m'mathanki a simenti osavundikira, n'kumakankhira makungu pansi ndi manja maola awiri alionse usana ndi usiku kwa masiku ochepa, ndipo vinyo wake amakhala zaka 20. Wabwino alipo. Koma ine ndikaika dziko lonse pa mphesa imodzi, ndiika pa Chenin.

Anthu amene anaona zimenezi poyamba anali ochepa. Eben Sadie anatulutsa vinyo wake woyamba wa ku Swartland ndi mphesa za chaka cha 2000, dera limene aliyense ankaliona ngati la tirigu ndi makopaletivi. Rosa Kruger, katswiri wa ulimi wa mipesa, anayenda m'mafamu kulemba minda yakale umodziumodzi, mpaka kupeza Chenin wa ku Skurfberg, m'mapiri a ku Citrusdal, womera pakati pa minda ya tiyi wa rooibos. Ntchito yake inakhala bungwe la Old Vine Project mu 2016, ndipo tsopano pali chidindo cha pa botolo chosonyeza chaka chimene munda unabzalidwa, cha mipesa ya zaka 35 kupita m'tsogolo. Ku Wellington kuli Cinsaut wa 1900 amene akuberekabe. Ogula mphesa ena ayamba kulipira pa hekitala m'malo mwa pa tani, ndipo imeneyo ndiyo njira yokhayo yochotsera mlimi chiyeso chothirira ndi kuthira feteleza kuti achulukitse. Koma minda yopulumuka motere ndi gawo laling'ono. Minda yonse ya mphesa za vinyo, imene inali cha m'mahekitala 100,000 zaka 20 zapitazo, tsopano ili pansi pa 90,000. Chilala cha 2015 mpaka 2018 chinazulitsa yambiri, kuletsa kugulitsa mowa nthawi ya Covid mu 2020 kunawonjezera, ndipo kumene kuli madzi alimi akusinthira ku malalanje, maapozi ndi zipatso zina.

Chimene chimagwetsa mitengo kwambiri n'chakuti vinyo woposa theka la wotumizidwa kunja samachoka ali m'botolo. Amathiridwa m'chithumba chachikulu cha malita 24,000 choikidwa m'kontena, n'kukathiridwa m'mabotolo ku Britain kapena Germany, nthawi zambiri ndi dzina la golosale ya komweko. Malita 24,000 ndi mabotolo 32,000, ndipo ntchito yonse ya galasi, lebulo, makatoni ndi kutsatsa imapita ndi chombo. Ife amene timagulitsa fodya wa m'mabelo n'kumagula ndudu zochokera kunja tisanamizire kudabwa. Wogula vinyo wa m'thumba safunsa za Paardeberg. Amayerekeza mtengo wa lita ya ku Cape ndi ya ku Spain kapena Chile, n'kutenga yotsika.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zopusa. Amati kutumiza m'thumba kumachepetsa kulemera ndi utsi wa zombo, chifukwa kontena ya mabotolo imanyamula vinyo wosafika ndi theka la wa m'thumba. N'zoona. Amatinso madera othirira ndi amene amalemba anthu ambiri ntchito, ndipo opanga vinyo wapamwamba wa ku Swartland ndi kagulu kochepa kogulitsa kwa anthu olemera a ku London. Nazonso n'zoona. Sindikunena kuti Vredendal itsekedwe. Ndikunena kuti dziko limene dzina lake pa msika ndi "wotchipa" limalephera kukweza mtengo ngakhale wa vinyo wake wabwino, ndipo vinyo wapamwamba akakwera amakoka wa pansi. New Zealand inachita zimenezi ndi Sauvignon blanc wa ku Marlborough, Argentina ndi Malbec wa ku Mendoza. South Africa ili ndi mphesa yake, ili ndi minda yakale imene wina sangaibzale lero n'kukolola mawa, koma ikuigulitsabe ngati chinthu chosungunulira m'thanki.

Mfundo yovuta kwambiri kuiyankha ndi ya wantchito. Botolo likakwera mtengo, ndani wanena kuti ndalamayo ifika kwa wodulira? Palibe lamulo la chilengedwe lotero. Mu November 2012 antchito a ku De Doorns, dera la mphesa zakudya, ananyanyala ntchito n'kutseka msewu waukulu wa N1, kufuna R150 pa tsiku pomwe malipiro otsikitsitsa anali R69. Sitalaka inafalikira m'madera a vinyo, ndipo mu March 2013 malipiro anafika R105. Anakwera chifukwa anthu anaima pamsewu, osati chifukwa cha chifundo cha msika. Kuyambira pamenepo mafamu ambiri achepetsa antchito okhazikika n'kumadalira aganyu obwera ndi makontirakitala, ndipo mwa aganyuwo muli a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Amalawi anzathu, amene ambiri alibe mapepala owalola kudandaula. Malo nawo akadali m'manja mwa azungu pafupifupi onse. Ntsiki Biyela, mayi wakuda woyamba kukhala wopanga vinyo m'dzikomo, ali ndi vinyo wake wotchedwa Aslina, koma monga anzake ambiri akuda amagula mphesa kwa ena. Komabe yankho langa ndi ili: mtengo wokwera sutsimikiza malipiro abwino, koma mtengo wotsika umatsimikiza malipiro oipa. Mlimi amene tani yake sikubweza zolowa sangakweze malipiro ngakhale atafuna. Ndipo munda wakale wopanda waya umafuna wodulira waluso, wodziwa kupewa zilonda zazikulu zimene zimalowetsa matenda owoletsa thunthu. Munthu woteroyo salowedwa m'malo ndi makina kapena ndi waganyu wa sabata imodzi, ndiye ali ndi poyambira pokambirana malipiro.

Kwa wogula wa kuno, lebulo imanena zambiri kuposa mmene timaiwerengera. Dongosolo la Wine of Origin linayamba mu 1973. Dzina la dera likalembedwa pambuyo pa zilembo W.O., mphesa zonse, 100 pa 100, ziyenera kuchokera kumeneko. Mtundu wa mphesa ndi chaka zimafuna 85 pa 100. Madera amapita motsika: "Western Cape" ndi chigawo chonse, kutanthauza kuti vinyo angakhale wosakaniza kuchokera kulikonse. "Coastal Region" ndi kocheperako, "Swartland" kapena "Stellenbosch" ndi boma, "Constantia" kapena "Simonsberg-Stellenbosch" ndi kadera kakang'ono, ndipo vinyo wa munda umodzi amachokera pa malo osapitirira mahekitala 6. Pakhosi pa botolo pamakhala chidindo chokhala ndi manambala, amene amalondoleza vinyoyo mpaka kumene anachokera. Chidindo cha mipesa yakale chimakhala chapadera, ndi chaka chobzalira cholembedwa poonekera. Botolo lotere likafika kuno, mdani wake ndi shelefu ya pawindo m'mwezi wa October. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chotsekera, amachucha m'khosi, ndipo woyera amasanduka wachikasu chodera n'kumanunkha ngati apozi wovunda. Onani ngati khosi la botolo likumata, ndipo ngati likumata, bwezani pa shelefu mutenge la kumbuyo, kumene dzuwa silifika.